Mlandu wa Nyumba Yopanda Njerwa

Ku Cebu mvula ikumenya malata ngati tili nayo ngongole.
Leveni koloko usiku.
Ndavula yunifolomu ya kuntchito, ndavala mahedifoni,
ndipo pasikirini paima ine wina:
suti yosadziwa makwinya,
nsapato zomwe sizinapondepo matope a mumsewu wa Colon.

Khothi lathu lili pachilumba chosafika bwato.
Profesa Cabahug analimanga yekha Loweruka lina,
denga anaiwala,
ndiye timatsutsana pansi pa nyenyezi zojambula.
Akakhala pampando wa woweruza amavala mutu wa kakowa.
Palibe anamufunsapo chifukwa.

Miyezi isanu takhala tikuzenga milandu yopeka,
wakuba njinga imene sinakhaleko,
mboni zoloweza bodza lochita kupatsidwa papepala.
Tinkaseka chidole cha mnzathu chikamira m'khoma
funso lili pakamwa.

Lero kwabwera munthu weniweni.
Teodulo Maglasang wa ku Carcar, anakalamba akusoka nsapato.
Chidole chake ndi mnyamata wa tsitsi la buluu,
anamusankhira ndi mdzukulu.
Miyendo ya mkazi wake Perpetua itakana,
awiriwo anamanga nyumba m'dziko lino, zaka zinayi:
khonde, mipando iwiri,
mtengo wa mango wosagwetsa tsamba.
Perpetua anapita mu Malichi.
Lendi ya malo inadumpha miyezi iwiri,
mwini malo anadina batani limodzi.

Isagani akuimira mwini malo, ndipo wawerenga, mnzangayo.
Ndime ya khumi ndi chinayi ya pangano lija
tonse timalivomera maso ali kwina.
Katundu n'chiyani? akufunsa.
Yagwa njerwa iti? Wagona panja ndani?

Ine ndinali ndi masamba atatu a mayankho.
Ndangoti ndiimirire, magetsi phethi.
Fani yaima, chipinda chadzaza fungo la zovala zonyowa,
ndipo kwinakwake kumene kulibe malo
chidole changa chauma dzanja lili m'mwamba,
loya wosema.

Mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinaziwerenga.

Pobwerera ndapeza mkuluyo akulankhula, wosafunsidwa.
Mnyamata wa tsitsi la buluu sakugwedeza milomo,
koma m'makutu mwanga muli chifuwa cha nkhalamba,
supuni ikugunda kapu,
galu wa aneba akuuwa mvula.
Chitseko anachiika chopendama, akutero.
Ndinamuuza, Petua, chakhota ichi.
Anati chisiyeni, mudzandikumbukirapo.
Usiku uliwonse ndinkalowa chammbali.
Sindikufuna ndalama, ana inu.
Mundifunsireko ngati chitsekocho anachisunga penapake.

Isagani wazimitsa maikolofoni yake.
Ndikumudziwa, amatero akamamina.

Kakowa wakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yathawanso.
Kenako mawu a mayi wotopa, wa mandala, amene ndinamuonapo kamodzi m'basi:
Khothi lino silingamange munthu,
silingabweze ngakhale msomali.
Chomwe tingathe ndi kulemba kalata kukampani.
Luzviminda, Isagani, mulembe nonse awiri.
Ifike kwa ine Lachinayi. Ndichonga.

Buku langa la malamulo a katundu lili ndi masamba mazana asanu ndi atatu.
Limadziwa mpanda, ngalande, mtengo wogwera kwa mnansi,
chuma chokumbidwa m'munda wa eni.
Za chitseko chopendama silinenapo kanthu.
Amati mlandu suola,
koma sananene komwe umasungidwa
nyumba yake ikafufutidwa.

Folo koloko m'mawa. Majipu ayamba kulira kumsewu.
Isagani watumiza chiganizo choyamba, ine ndachikana,
wachitumizanso chimodzimodzi, wangochotsa mawu oti chonde.
Ndawabwezeretsa.
Kuntchito ndilowa eyiti.
Pachilumba paja mnyamata wa tsitsi la buluu adakaima
pomwe tinamusiya, pakati pa khothi lopanda denga.
Mkuluyo sadziwa potulukira,
mdzukulu akadzuka adzamutulutsa.